Nkana Inali Mfumu Pakhomo, Nanga Kwa Eni Chinkavuta N'chiyani?

Pakati pa 1982 ndi 1993, timu ya Nkana Red Devils ya ku Kitwe inatenga ligi ya Zambia maulendo 9 m'zaka 12. Inangophonya zaka zitatu: mu 1984 ndi 1991 ligi inapita kwa Power Dynamos, ndipo mu 1987 inapita kwa Kabwe Warriors. Nkana ikatenga ligi, chaka chotsatira inkaimira dziko lino pa chikho cha akatswiri a mu Africa, chimene lero timachitcha CAF Champions League. Pakati pa 1983 ndi 1994 inafika mu semifainolo maulendo 6, inasewera fainolo kamodzi, koma chikho sinatenge. Mpaka lero palibe timu ya Zambia imene inachitengapo.

Ife a kuno ku Chongwe nkhaniyi imatikhudza ngakhale kuti Kitwe ndi kutali. Bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda, limene kale linkatchedwa Lusaka International Airport, lili m'boma lathu lino, ndipo ndi pomwe matimu akunja akhala akutera akamabwera kudzasewera ku Lusaka. Komanso kuyambira ku Chalimbana mpaka ku Kanakantapa kuli amdala ambiri amene mpaka lero ndi a Kalampa, ena chifukwa anagwirako ntchito ku migodi, ena chifukwa anakula ali khutu pa wailesi kumvera malemu Dennis Liwewe. Mukawafunsa chimene chinkachitika, wina adzakuuzani kuti oyimbira ankakondera, wina adzati alendo ankabwera ndi mankhwala, winanso adzati tinalibe mwayi basi. Tiyeni tiyale zigoli zenizenizo tione ngati mayankho amenewa akukwana.

Mmene mpikisano unkayendera

Anzathu amene munabadwa m'ma 2000 mudziwe kuti masiku amenewo kunalibe magulu ngati lero. Magulu anayamba mu 1997. Kale matimu awiri ankakumana kawiri, kamodzi pakhomo, kamodzi kwa eni, kenako n'kuwonkhetsa zigoli. Zigoli zikafanana, inkapitirira timu imene yagoletsa zambiri kwa eni. Zikafanananso pamenepo, ankapita ku mapenate. Choncho tsiku limodzi loipa linkatha kufafaniza thukuta la chaka chonse, ndipo chigoli cha mlendo chinkalemera kuposa cha mwini bwalo.

Nkana sinalowe mpikisanowu ngati timu yongoyesa. Inayamba kalekale ndi dzina la Rhokana United, ndipo kwawo ndi ku Wusakile, komboni ya anthu a mu mgodi wa Nkana. Kochi Moses Simwala, amene poyamba anali wosewera wa timu yomweyo, anaitsogolera zaka zoposa 12, ndipo m'zaka zoyambirira ankagwira ntchito ndi Jeff Butler wa ku Britain. M'zaka zimenezi jezi yofiira inavalidwa ndi anthu ngati Jericho Shinde, Fighton Simukonda, Ben Bamfuchile, Kapambwe Mulenga, Beston Chambeshi, Gibby Mbasela, John Soko, Eston Mulenga, Numba Mwila, ndi ana a mimba imodzi Kenneth ndi Mordon Malitoli. Ambiri mwa iwo ankaseweranso mu timu ya dziko. Luso linalipo, ndipo palibe amene angatsutse zimenezo.

Maulendo 6 amene khomo linatsekeka

Mu 1983, chaka choyamba kulowa mpikisanowu, Nkana inafika mu semifainolo n'kukumana ndi Al Ahly ya ku Egypt, imene inali itatenga chikhochi chaka chapitacho. Kuno ku Zambia zinathera 0-0. Ku Cairo Nkana inagonja 2-0.

Mu 1986 mdani wa mu semifainolo anali Africa Sports ya ku Côte d'Ivoire. Pakhomo zinathera 1-1, ku Abidjan 0-0. Nkana sinagonje ngakhale kamodzi, koma inatuluka chifukwa cha chigoli chimodzi chimene alendo anagoletsa kuno.

Mu 1989 inakumana ndi MP Oran ya ku Algeria, imene lero imatchedwa MC Oran. Pakhomo Nkana inapambana 1-0. Ku Oran inagoletsa ziwiri, koma inamwa zisanu.

Mu 1990 inadutsa semifainolo n'kufika mu fainolo, kumene inapeza JS Kabylie, ya ku Algeria komweko. Ku Algiers Nkana inagonja 1-0. Pa 22 December, pa Independence Stadium mu Lusaka, inabweza 1-0. Anapita ku mapenate, ndipo JS Kabylie inapambana 5-3. Chikho chinaperekedwa mu Lusaka momwemo, anthu athu akuona, koma chinapita m'manja mwa alendo.

Mu 1991 semifainolo inali ndi Club Africain ya ku Tunisia. Ku Tunis Nkana inamwa 3-0, ndipo ambiri anaona ngati zatha. Pobwereza kuno, Kalampa inachita zodabwitsa n'kupambana 4-1. Kuwonkhetsa zinali 4-4, koma chigoli chimodzi chija cha alendo chinawatengera ku fainolo, kumene anakagonjetsa SC Villa ya ku Uganda.

Mu 1994 inali Zamalek ya ku Egypt. Pakhomo Nkana inapambana 1-0, ku Cairo inagonja 2-0.

Tsopano tiwonkhetse. M'masewero 6 a pakhomo, Nkana sinagonje ngakhale amodzi: inagoletsa zigoli 8, inamwa 2. M'masewero 6 a kwa eni, sinapambane ngakhale amodzi: inagoletsa 2, inamwa 13. Zigoli ziwiri zimenezo inazipeza tsiku limodzi ku Oran, ndiye kuti maulendo ena 5 inabwerako osagwedeza ukonde. Ndipo zigoli ziwiri zokha zimene inamwa pakhomo, cha Africa Sports mu 1986 ndi cha Club Africain mu 1991, chilichonse chinaitulutsa mu mpikisano.

Oyimbira, mankhwala ndi mwayi

Za oyimbira si nthano. M'zaka zimenezo matimu a mu Africa yense ankadandaula kuti woyimbira amapendekera kwa mwini bwalo, ndipo kunalibe makamera oti n'kubwerezapo. Koma mwambo umenewo, pamene unalipo, unkathandiza aliyense ali pakhomo. Nkana nayonso inkalandira alendo. Ndipo woyimbira angakupatseni penate yabodza imodzi, koma n'kovuta kunena kuti zigoli 13 zonse zinachokera m'wezulo.

Za mankhwala tisatayepo nthawi. Zikanakhala kuti alendowo anali ndi mankhwala amphamvu choncho, sakanagonja kuno pafupifupi ulendo uliwonse.

Mwayi ndiye tingauvomereze pa tsiku limodzi, la mapenate a 1990. Penate imodzi ikalakwika, chikho chapita. Koma chinthu chikachitika maulendo 6 m'zaka 12, ndipo m'njira yofanana, chimenecho ndi chizolowezi, ndipo chizolowezi chimakhala ndi gwero.

Ena amatchulanso ulendo. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Cairo ndi makilomita pafupifupi 5,000, ndipo ku Algiers ndi oposa 6,000. Ndeke zolunjika pakati pa kumwera ndi kumpoto kwa Africa zinali zosowa, moti nthawi zambiri munthu ankazungulira, mwina mpaka kudzera ku Ulaya. Kutopa kunalipo ndithu. Komabe mtunda wochoka ku Kitwe kupita ku Tunis ndi womwewo wochoka ku Tunis kubwera ku Kitwe. Alendowo nawonso ankatopa, ankadya zakudya zachilendo, ankasewera pa dzuwa la October limene ifeyo timalidziwa. Ndipo nawonso ankagonja kuno.

Kusiyana kunali pa kukula kwa kugonjako. MP Oran inagonja kuno 1-0. JS Kabylie 1-0. Zamalek 1-0. Al Ahly inatseka chitseko n'kubwerera ndi 0-0. Ngakhale Club Africain, imene inamenyedwa koopsa, inachoka ndi chigoli chimodzi chimene inkachifuna. Anthu amenewa ankabwera atawerengera kale kuti kugonja ndi chigoli chimodzi kwa eni si tsoka, chifukwa akakonza kwawo. Nkana ikapita kumpoto inkabwerako ndi 2-0, 3-0 kapena 5-2. Ife tikuona kuti chimene Kalampa inkasowa ndi luso logonja pang'ono, ndi luso loba chigoli chimodzi pa bwalo la eni.

Chifukwa chake lusolo linalibe

Choyamba ndi ligi yathu yomwe. Timu imene imatenga ligi maulendo 9 m'zaka 12 imazolowera kukhala ndi bola. Loweruka lililonse ndiyo imaukira, adani ndiwo amadzitchinjiriza. Mpira wa ku Copperbelt unkakomera anthu chifukwa cha zimenezo: othamanga m'mbali, kupyoza, kumenya kutsogolo. Masapota a ku Wusakile sankalipira pageti kuti akaone timu yawo ikubisala kumbuyo. Ndiye ndi liti pamene anyamatawo akanaphunzira kukhala mphindi 90 opanda bola, anthu zikwizikwi akukuwa, iwo osataya mizere yawo? Bwalo lalikulu la Cairo masiku amenewo linkalowa anthu pafupifupi 100,000. Phunziro lotere ankakumana nalo kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo tsiku lophunzira linali lomwelo la mayeso.

Chachiwiri ndi anthu oyandikana nawo. Kuyambira 1984 mpaka 1994, zaka 11 zotsatizana, chikhochi chinkangozungulira ku Egypt, Morocco, Algeria ndi Tunisia. Tikayambira 1981, pa zaka 14 timu imodzi yokha ya kunja kwa chigawo chimenecho ndi imene inachitenga, Asante Kotoko ya ku Ghana mu 1983. Matimu a kumpoto ankanolana okhaokha. Al Ahly inali ndi Zamalek mumzinda umodzi, Club Africain inali ndi Espérance, Raja inali ndi Wydad, ndipo onsewa anatengapo chikhochi. Ankakumananso m'mipikisano ya maiko a Aluya. Matimu a maiko awo ankapita ku World Cup: Tunisia mu 1978, Algeria mu 1982 ndi 1986, Morocco mu 1986, Egypt mu 1990. Kuno kumwera, South Africa inali yoletsedwa kusewera ndi maiko ena chifukwa cha tsankho mpaka 1992, choncho Nkana inalibe mnansi wamphamvu woti n'kuyesana naye kawirikawiri kunja kwa Zambia.

Taonani JS Kabylie ya 1990. Inali itatenga kale chikhochi mu 1981. Kochi wake wa ku Poland, Stefan Żywotko, anali atakhala pa timuyo kuyambira 1977. Mu March chaka chomwecho cha 1990 Algeria inatenga chikho cha maiko a mu Africa, Zambia n'kukhala yachitatu, ndipo ena mwa osewera a Algeria, monga Moussa Saïb, anali a JS Kabylie. Anthu amenewa ankadziwa kale kuti fainolo imamveka bwanji m'miyendo. Kwa Nkana inali yoyamba, ndipo inaseweredwa ku Lusaka, makilomita oposa 300 kuchoka ku Wusakile. Zamalek imene inatulutsa Nkana mu 1994 inali itatenga chikhochi katatu, mu 1984, 1986 ndi 1993.

Chachitatu ndi kalendala. Ligi yathu inkayamba cha mu March n'kutha cha kumapeto kwa chaka, ndipo semifainolo za mu Africa zinkafika nthawi yomweyo ya kumapeto. Pofika pamenepo wosewera wa Nkana anali atasewera ligi yonse, zikho za pakhomo monga Independence Cup, Challenge Cup ndi Heroes and Unity Cup, kuwonjezera masewero a timu ya dziko. Ligi za kumpoto zinkayamba cha mu August kapena September, kotero iwo ankafika pa masewero akuluwa atapumula komanso atangotenthetsa thupi. FAZ inadzasintha kalendala yathu mu 2019, patapita zaka zambiri.

Chachinayi ndi thumba. Matimu a ku migodi ankadalira ZCCM, kampani ya boma imene inapangidwa mu 1982 pophatikiza makampani awiri a migodi, ndipo osewera ambiri anali pa ntchito ya kampaniyo. Zimenezi zinkapatsa mnyamata nyumba, malipiro ndi chipatala, ndipo ndi zimene zinamanga mpira wa Zambia. Koma zaka zimene Nkana inali pamwamba ndi zomwezo zimene mkuwa unali pansi. Mu October 1985 boma linayamba kugulitsa ndalama zakunja pa okushoni, ndipo kwacha, imene inali pa makwacha awiri ndi pang'ono pa dola imodzi, inapyola K10 chaka chotsatira chisanathe. Mu December 1986, patangopita milungu yochepa Nkana itatuluka kwa Africa Sports, ku Copperbelt kunabuka zipolowe za mtengo wa unga ndipo anthu anafa. Mu June 1990 zipolowe zina zinabuka mu Lusaka, ndipo pa 30 June Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma, ngakhale kuti sizinapite patali. M'mwezi womwewo wa fainolo ya JS Kabylie, Kenneth Kaunda anasaina lamulo lolola zipani zambiri. Dziko linali pa moto wa zinthu zina.

Kukonzekera masewero a kwa eni kumafuna madola: kutumiza munthu kukaona mdani akusewera, kufika masiku angapo masewero asanachitike, kukachita kampu kunja, kupeza masewero opimana mphamvu ndi matimu osewera ngati mdaniyo. M'dziko limene anthu ankaima pa mzere kufuna sopo ndi saladi, madola a zinthu zotere sanali apafupi. Nawonso matimu a ku Algeria anali m'manja mwa makampani a boma kuyambira 1977, ndipo chilembo cha P mu dzina la MP Oran chinkaimira anthu a mafuta. Koma iwo anali pafupi ndi Ulaya, ndeke ya maola ochepa, kumene makochi, makampu ndi masewero oyeserera zinali zosavuta kupeza.

Anansi amene anatha

Komabe tisabise zonse kumbuyo kwa umphawi, chifukwa mu Kitwe momwemo, pa chuma chomwecho, munali timu imene inabweretsa chikho cha mu Africa. Power Dynamos inali italawa kale zowawa mu 1982, pamene inagonja mu fainolo ya chikho cha matimu otenga makapu kwa Arab Contractors ya ku Egypt. Mu 1991, chaka chomwe Nkana inatuluka kwa Club Africain, Power inafikanso mu fainolo ya chikho chimenecho n'kukumana ndi BCC Lions ya ku Nigeria. Ku Nigeria inagonja, koma inagonja 3-2. Inabwerako ndi zigoli ziwiri m'thumba ndi ngongole ya chigoli chimodzi chokha. Ku Lusaka inapambana 3-1, n'kukhala timu yoyamba ya kumwera kwa Africa kutenga chikho cha CAF. N'zoona kuti chikho chimenecho chinali chocheperako mphamvu, ndiponso mdani sanali wa kumpoto. Koma masamu ake ndi omwe aja: tsiku limodzi ku Nigeria, Power inagoletsa zigoli zofanana ndi zimene Nkana inagoletsa pa maulendo 6.

Chikho chachikulucho chinadzafika kumwera mu 1995 kudzera mwa Orlando Pirates. Pirates inalephera kupambana pakhomo ku Johannesburg, kumene inafanana 2-2 ndi ASEC Mimosas, ndipo aliyense anaona ngati chikho chapita ku Côte d'Ivoire. Ku Abidjan anapirira mpanipani wa eni bwalo, Jerry Sikhosana n'kuba chigoli chimodzi, masewero n'kuthera 1-0. Mzinda womwewo wa Abidjan ndi umene Nkana inachokako ndi 0-0 mu 1986, pamene chigoli chimodzi chikanaitengera ku fainolo.

Timu itayamba kupasuka

Pambuyo pa 1991 mwayi wokonza zolakwikazo unayamba kuchepa, chifukwa anthu amene anali ataphunzira phunzirolo ndi thupi lawo anayamba kuchoka. Kwacha inali itafooka, ndipo wosewera wabwino sakanakana malipiro a kunja. Gibby Mbasela anapita ku Union Berlin ku Germany. Kenneth Malitoli, amene ankatsogola pa zigoli mu ligi yathu, anapita ku Espérance ya ku Tunisia, kumene anatsogolanso pa zigoli mu ligi ya kumeneko kawiri.

Kenako kunabwera usiku wa pa 27 April 1993. Ndeke ya asilikali imene inanyamuka pa bwalo la ndeke la m'boma lathu lino, itanyamula timu ya dziko kupita ku Senegal, inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon. Anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo osewera. Pakati pawo panali John Soko, Eston Mulenga ndi Numba Mwila a Nkana. Onse anaikidwa pa Heroes' Acre, pambali pa Independence Stadium, bwalo lomwe lija la mapenate a 1990. Mu September chaka chomwecho kochi Moses Simwala nayenso anamwalira.

Timu ina iliyonse ikanagwa pamenepo. Nkana inatengabe ligi ya 1993 n'kufika mu semifainolo ya 1994, ndipo tiyenera kuipatsa ulemu pa zimenezo. Koma Zamalek itaitulutsa, inakagonja mu fainolo kwa Espérance, timu ya Kenneth Malitoli. Mwana wa Kalampa anagwira chikho chimene Kalampa inachisakasaka zaka 12, atavala jezi ya ku Tunis. Izi zikutiuza kuti vuto silinali m'mapazi a anyamata athu. Wosewera yemweyo ataikidwa mu timu yodziwa kuyenda, chikho chinabwera.

Mu December 1994 kampani ya ndeke ya Zambia Airways inatsekedwa. ZCCM inagulitsidwa zidutswazidutswa, ndipo mu 2000 mgodi wa Nkana unapita kwa Mopani. Thandizo la ku mpira linachepa, ndipo patangopita zaka zochepa Kalampa inatsika mu ligi yaikulu, chinthu chimene munthu wa mu 1990 sakanakhulupirira. Inadzabwerera n'kutenganso ligi mu 2013 ndi 2020, koma semifainolo ya chikho chachikulu sinaionenso.

Matenda omwewo masiku ano

Tikanakonda kunena kuti zonsezi ndi mbiri yakale, koma taonani. Mu 2016 Zesco United inafika mu semifainolo ya CAF Champions League. Ku Ndola inagonjetsa Mamelodi Sundowns 2-1, ku Pretoria inagonja 2-0, ndipo Sundowns ndi imene inakatenga chikho. Mu 2019 Nkana inafika mu kotafainolo ya Confederation Cup. Ku Kitwe inagonjetsa CS Sfaxien ya ku Tunisia 2-1, ku Sfax inagonja 2-0. Kupambana pang'ono pakhomo, kulola mlendo kugoletsa, kenako kupita kwa eni osagoletsa: amdala aja akanatha kulemba zotsatirazo masewero asanayambe.

Mbiri ya Nkana ya pakhomo inali yonyaditsa. Kuyambira 1983 inasewera masewero a CAF oposa 60 kuno osagonja, mpaka Raja Casablanca inadzaithyola mu 2021. Ndi matimu ochepa mu Africa amene angaloze mbiri yotere. Koma mwina kunyada komweko kunatiphimba m'maso. Chaka ndi chaka tinkauzana kuti kuno sadutsa, ndipo zinali zoona, pamene funso lofunika linali lakuti kodi kwawoko tikachita chiyani.

Phunziroli silili la matimu akuluakulu okha. Matimu athu a kuno ku Chongwe nawonso amayenda. Amakwera Canter m'mawa wa tsiku la masewero, mafuta atasonkhedwa usiku wake, n'kufika kwa eni miyendo itauma, ena osadya kanthu. Akamwa zitatu m'chigawo choyamba, pobwerera nkhani imakhala ya woyimbira ndi ya zimene akuti zinakwiriridwa pagolo. Pa sabata yonse ya maphunziro, ndi makochi angati amene amapatula tsiku limodzi kuphunzitsa anyamata kusewera opanda bola, kutseka mipata mphindi 20 zoyambirira, kapena kumenya mapenate atatopa? Ndi makomiti angati amene amaika ndalama za ulendo patsogolo pa ndalama za jezi yatsopano? Zambiri mwa zimenezi sizifuna madola.

Anzathu amene mumadziwa mayina a osewera onse a Arsenal ndi Real Madrid, pezani nthawi mukhale pansi ndi amdala a Kalampa a m'dera lanu, muwafunse kumene anali pa 22 December 1990. Adzakuuzani za penate iliyonse ngati zachitika dzulo, ndipo muwamvere bwino chifukwa anthu okumbukira tsikulo akuchepa. Akamaliza, muwafunsenso za masewero a ku Algiers, ku Tunis ndi ku Oran. Mudzaona kuti za kumeneko amakumbukira zochepa, chonsecho pa zigoli 15 zimene Nkana inamwa m'maulendo 6 aja, 13 inazimwera kwa eni.